Belu Likalira Mwachilendo: Kabuku ka Makolo a ku Soche ndi Madera Oyandikana Nawo

Chomwe talembera kabukuka

Pakati pa Lamulungu pa 12 ndi Lolemba pa 13 Malichi 2023, mvula ya namondwe wa Freddy inagumula phiri la Soche. Matope, mitengo ndi miyala ikuluikulu zinatsetsereka n'kukwirira mabanja ku Chilobwe ndi ku Manje. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Makalasi anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Mwambo wa maliro a ena mwa abale athu unachitikira pasukulu ya pulayimale ya Naotcha ku Chilobwe, ndipo Lazarus Chakwera, yemwe anali pulezidenti nthawiyo, analipo.

Masiku amenewo Unduna wa Zamaphunziro unaimitsa maphunziro m'maboma a kummwera, choncho tsokalo silinapeze ana m'kalasi. Koma tayerekezani kuti phiri lija likanagumuka 9 koloko m'mawa tsiku la sukulu, ana zikwizikwi ali m'makalasi ndipo ena ali pamzere wa phala. Mwana wanu wa Sitandade 2 akanalowera kuti? Aphunzitsi ake akanamuuza kuti athawe kapena akhale? Nanga inu mukanakamupeza pati?

Mafunso amenewa sayankhidwa tsiku la ngozi. Amayankhidwa tsiku lomwe kuli bata, pamene ana ndi aphunzitsi akuyeserera zoti adzachite, ndipo makolo akudziwa mbali yawo. Kabukuka ndi ka inu amayi, abambo, agogo, azakhali ndi amalume omwe mukulera ana a sukulu ku Soche, Zingwangwa, Chilobwe, Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri.

Ngozi zina zimafuna kutuluka, zina zimafuna kukhala m'kati

Mwana wa kuno akamva phokoso la zoopsa amadziwa chinthu chimodzi chokha: kuthamangira kunyumba. Chibadwa chimenechi chimapulumutsa nthawi zina, koma nthawi zina n'chomwe chimamuika m'kamwa mwa ngozi. Moto ukabuka m'kalasi kapena khoma likayamba kung'aluka, kutuluka n'kolondola. Koma kunja kukakhala munthu wonyamula chikwanje, gulu la anthu okwiya, galu wachiwewe, njuchi zolusa, utsi wokhetsa misozi kapena mphezi, malo abwino ndi m'kalasi, chitseko chili chotseka.

Ku America masukulu ambiri amayeserera kudzitsekera m'kalasi chaka chilichonse, ndipo m'zigawo zambiri za dzikolo ndi lamulo. Chizolowezichi chinafala anthu atamva za kuomberedwa kwa ophunzira pasukulu ya Columbine mu 1999. Kuno kwathu vuto si mfuti kwenikweni, ndipo palibe chifukwa choopsezera ana ndi nkhani za mayiko ena. Zathu tili nazo. Tinaona zionetsero za pa 20 Julayi 2011 ndi za pambuyo pa chisankho cha 2019, pamene utsi wokhetsa misozi unali kufuka m'misewu yomwe ana athu amadutsa. Tinaona mphekesera za anamapopa mu 2017, zomwe zinayambira ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mu Blantyre muno, anthu osalakwa n'kuphedwa ndi magulu a anthu. Tikudziwanso kuti ana achialubino akhala akusakidwa ndi zigawenga. Masukulu athu ambiri alibe mpanda, ndipo njira ya kumsika kapena ya kuchigayo imadutsa pakati pa makalasi.

N'chifukwa chake sukulu iliyonse iyenera kukhala ndi zizindikiro ziwiri zosiyana kwambiri, chimodzi chonena kuti "tulukani", china chonena kuti "khalani m'kati". Masukulu ambiri belu lawo ndi limu la galimoto lopachikidwa pamtengo, ndipo limeneli n'lokwanira. Mwachitsanzo, belu lolira mosalekeza litanthauze kutuluka, pamene wenzulo yoimbidwa modukizadukiza itanthauze kudzitsekera. Chizindikiro chake asankhe ndi a sukulu, koma chisafanane ndi belu la buleki kapena loweruka, ndipo chimveke mpaka kalasi ya kumapeto ndi kuzimbudzi. Sukulu ikakhala yaikulu, mphunzitsi aliyense womva wenzulo aimbenso yake kuti uthenga ufalikire.

Kudzitsekera m'kalasi

Apa ndi pomwe tikhalitsepo, chifukwa ana athu ambiri sanaphunzitsidwepo zimenezi.

Chizindikiro chikamveka, mphunzitsi amasuzumira pakhonde n'kulowetsa mwana aliyense yemwe ali pafupi, kaya ndi wa kalasi yake kaya ayi. Kenako amatseka chitseko n'kuchikhoma m'kati. Ana amachoka pafupi ndi chitseko ndi mawindo, n'kukhala pansi mbali yomwe munthu wosuzumira kunja sangawaone bwino. Amakhala chete, chifukwa ayenera kumva zomwe aphunzitsi akunena, komanso kuti phokoso lisakope wachiwembu. Mafoni a aphunzitsi ndi a ophunzira akuluakulu amatsitsidwa mawu. Mphunzitsi amawerenga ana, n'kutumiza uthenga kwa ahedi wonena kuti ali ndi ana angati, akusowa ndani, ndipo walandira ndani wa kalasi ina. Palibe wotsegula chitseko chifukwa wina wagogoda kapena chifukwa kunja kwakhala zii. Amatsegula akamva mawu a ahedi kapena chizindikiro chomwe anagwirizana.

Kunena n'kosavuta. Tsopano pitani mukaone chitseko cha kalasi ya mwana wanu. Mukapeza kuti ambiri mwa makalasi athu chitseko chake chili ndi loko wa kunja yekha, wotsekera aphunzitsi akamaweruka. M'kati mulibe chokhomera. Kwina chogwirira chinathyoka kale ndipo amamangira waya pamsomali. Kwina mahinjesi a pansi anazuka, chitseko chimakhula simenti ndipo chimafuna anyamata awiri kuti chitsekeke. Kwina chitseko kulibiretu. Kalasi yotere singadzitsekere ngakhale aphunzitsi atakhala odziwa ntchito chotani. Mpiringidzo wachitsulo wa m'kati, womwe owotcherera zitsulo a ku Zingwangwa kapena ku Ndirande angapange tsiku limodzi, ndiwo chinthu choyamba kugula. Uikidwe poti mwana wamkulu angafikire, ndipo uzitseguka ndi dzanja limodzi popanda kiyi, kuti chitseko chomwecho chisadzasanduke msampha tsiku la moto.

Nanga ana omwe ali kunja? Wopezeka kuchimbudzi, kumpopi kapena pogula zitumbuwa alowe m'kalasi yomwe ili pafupi, osati kuyamba kufunafuna yake. Akapeza zitseko zonse zatsekedwa, achoke komwe kuli phokosoko n'kupita pamalo omwe sukulu inasankhiratu, monga kutchalitchi, kumzikiti kapena nyumba ya aphunzitsi yomwe ili pafupi. Makalasi ophunzirira pansi pa mtengo akhale ndi chipinda chodziwika chothawiramo, ndipo mphunzitsi wa chipindacho adziwe kuti adzalandira alendo. Amayi ophika phala ndi ogulitsa malonda pachipata nawonso auzidwe tanthauzo la zizindikirozi. Nthawi zambiri iwowa ndi amene amayamba kuona munthu wachilendo, ndipo maso awo ndi chitetezo chomwe sukulu sililipira.

Pa utsi wokhetsa misozi, tsekani mawindo ndipo ana akhale m'kati. Koma chitini cha utsiwo chikagwera m'kalasi momwemo, atuluke mwadongosolo n'kulowera komwe mphepo ikuchokera. Asatikite m'maso. Asambe m'maso ndi madzi oyera ambiri, ndipo akafika kunyumba avule zovalazo zichapidwe pazokha. Mwana wa mphumu ndiye woyamba kumuyang'anira, ndipo kupuma kukamuvuta apite naye kuchipatala mosazengereza.

Pakagwa chinthu chomwe chili kunja kwa sukulu, monga chipwirikiti pamsewu kapena pamsika, sipafunika kukhala pansi chete. N'kokwanira kutseka chipata ndi zitseko, maphunziro n'kumapitirira, koma osatulutsa mwana aliyense mpaka zinthu zitadekha. Cholakwika chomwe chimachitika kawirikawiri n'kuweruka msanga: ahedi amva kuti kutauni kwavuta, aimba belu, ndipo ana mazanamazana atayika m'misewu momwe muli vutolo. Ngati sukulu yasunga ana anu mochedwa pa chifukwa chotere, yachita bwino, ndipo muithokoze.

Kutuluka

Kutuluka n'kodziwika, koma kuopsa kwake n'kupondana. Kalasi ya ana oposa 100 yokhala ndi khomo limodzi ikadzidzimuka, ang'onoang'ono amagwa pakhomo ndipo anzawo amawadutsa pamsana. Ana aphunzire kutuluka mzere ndi mzere, akuyenda mofulumira koma osathamanga, osakankhana, osabwerera kukatenga chikwama kapena nsapato. Mphunzitsi amatuluka pomaliza atanyamula kaundula wa mayina. Kalasi iliyonse ikhale ndi malo ake pabwalo, kutali ndi makoma, mitengo ikuluikulu ndi mawaya a ESCOM, ndipo akafika pamenepo mayina aitanidwe. Mwana wosowa amafunidwa ndi akuluakulu, osati ndi anzake.

Utsi ukadzaza, ana akwawe, chifukwa mpweya wabwino umatsalira pansi. Zovala zikagwira moto, mwana asathamange: aime, agone pansi, agubuduke. Pamalo opsa thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, ndipo musapake mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira.

Makolo omwe ana anu ali kusukulu zogonera konko, funsani za zitseko za kuhositelo. Mu Malichi 2001 anyamata 67 anafa pamoto pasukulu ya sekondale ya Kyanguli ku Kenya, m'chipinda chomwe mawindo ake anali ndi zitsulo ndipo khomo lina linali lokhoma. Mu Seputembala 2024 anyamata 21 anafanso pamoto wa kuhositelo pasukulu ya Hillside Endarasha m'dziko lomwelo. Chipinda chogona ana chisakhomedwe kunja usiku, ndipo chikhale ndi makomo awiri otseguka.

Chivomerezi sichachilendo m'dziko lino, lomwe lili m'chigwa chachikulu cha kummawa kwa Africa. Chinagwedeza Salima mu 1989 ndi Karonga mu Disembala 2009. Nthaka ikamagwedezeka ana agwade pansi, alowe kunsi kwa desiki ngati ilipo, kapena aphimbe mutu ndi chikwama ndi manja, kutali ndi mawindo. Kugwedezeka kukasiya atuluke, osabwereramo mpaka makoma ataonedwa. Ndipo khoma silidikira chivomerezi kuti ligwe. Mu Juni 2018 ana anayi anafa pasukulu ya pulayimale ya Nantchengwa ku Zomba khoma la kalasi litawagwera. Mukaona mng'alu womwe ukukula, khoma lopendekeka, kapena denga lomwe mitengo yake yadyedwa ndi chiswe, nenani tsiku lomwelo, ndipo ana asaphunziremo.

Mvula, mitsinje ndi phiri

Kwa ife okhala m'munsi mwa mapiri a Soche, Ndirande, Bangwe ndi Michiru, ngozi yaikulu kuposa zonse ndi madzi. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Chilobwe inakokoloka mu Januwale 2015, isanakokolokenso mu 2023. Mitengo ya m'mapiri inatha, nyumba zakwera mpaka pamwamba, ngalande zadzaza zinyalala, choncho madzi amatsika ndi liwiro lomwe agogo athu sankalidziwa. Anamondwe nawo akubwera motsatizana: Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023.

Ana ambiri sakokoloka ali pasukulu. Amakokoloka panjira. Mudi, Naperi, Nasolo, Likhubula ndi timakwawa topanda dzina todutsa m'makomo mwathu timadzaza m'mphindi zochepa, ngakhale pamene mvula yagwa kuphiri kokha. Madzi othamanga akuya masentimita 15 okha amatha kugwetsa munthu wamkulu, nanji mwana wa zaka 7 wonyamula chikwama. Lamulo la pakhomo panu likhale lakuti madzi akakhala ofiira ndi othamanga, kapena akaphimba mlatho kapena miyala yopondapo, mwana sawoloka. Abwerere kusukulu kapena akadikire kunyumba yomwe munagwirizana tsidya lomwelo. Muuzeni momveka kuti simudzamukalipira chifukwa chofika mochedwa, pakuti ana ambiri amalowa m'madzi poopa mkwapulo wa kunyumba kapena chibalo cha kusukulu.

Mvula yamphamvu ikagwa nthawi yoweruka, sukulu isunge ana. Mphezi ikamang'anima asabisale pansi pa mtengo kapena kuima pabwalo la mpira. Alowe m'nyumba, ndipo adikire mphindi 30 kuchokera pamene bingu lomaliza lagunda. Munthu woombedwa ndi mphezi sasunga magetsi m'thupi, choncho mugwireni ndi kumuthandiza msanga.

Phiri lisanagumuke nthawi zambiri limachenjeza. Nthaka imang'aluka, mitengo ndi mapolo zimapendekeka, madzi amatumphuka pomwe sipanakhalepo kasupe, zitseko zimayamba kukanika kutseka. Khwawa limada mwadzidzidzi, kapena madzi ake amachepa mvula ikugwabe, zomwe zimasonyeza kuti atsekeka kumtunda ndipo adzabwera onse pamodzi. Kenako kumamveka mkokomo wochokera kuphiri. Zikatero musathamangire kumunsi motsata khwawa, chifukwa matope amathamanga kuposa munthu. Thawirani cham'mbali, kuchoka m'njira ya madzi, n'kukwera pamalo okwera olimba. Napolo yemwe makolo athu ankamutchula ndi ameneyu, ndipo njira zake zimadziwika. Sukulu yomwe ili m'munsi mwa phiri iyenera kudziwa komwe ingathawire, ndipo ana ayendepo njirayo ndi mapazi awo dzinja lisanayambe.

Mverani machenjezo a Nthambi Yoona za Nyengo ndi a DoDMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, pawailesi. Akalengeza kuti sukulu zaimitsidwa, mwana asapite, ngakhale kunja kukuoneka kowala.

Kuyeserera

Pa 11 Malichi 2011 chivomerezi chachikulu chinagwedeza Japan, ndipo madzi a m'nyanja anasefukira kumtunda. Mumzinda wa Kamaishi, momwe ana ankayeserera kuthawa kawirikawiri, pafupifupi ana onse a sukulu, okwana ngati 3,000, anapulumuka. Ana akuluakulu anagwira manja a ang'onoang'ono n'kuthamangira kumtunda osadikira kuuzidwa kawiri. Tsiku lomwelo pasukulu ya pulayimale ya Okawa, ana anaimikidwa pabwalo nthawi yaitali akuluakulu akukambirana kolowera, pamene phiri linali kuseri kwa sukulu. Ana 74 ndi aphunzitsi 10 anatayika. Dziko limodzi, tsiku limodzi, madzi amodzi. Kusiyana kunali kwakuti ena anali atasankhiratu kopita.

Munthu akachita mantha, mutu umaima ndipo thupi limachita zomwe linazolowera. Kuuza ana pa asembule kuti "mukamva wenzulo mukhale pansi" sikokwanira. Ayenera kuchita, mobwerezabwereza. Ife tikulangiza kuti teremu iliyonse sukulu iyeserere kutuluka kamodzi ndi kudzitsekera kamodzi. Teremu yoyamba ichite zimenezi m'masabata oyambirira, chifukwa a Sitandade 1 ndi atsopano, ndipo ionjezere kuyeserera kwa madzi mvula isanayambe mu Novembala. Nthawi izisinthasintha: lero ali m'kalasi, ulendo wina ali pa buleki, ulendo wina ali pamzere wa phala. Sukulu yokhala ndi ophunzira a m'mawa ndi a masana iyeserere magulu onse awiri.

Kuyeserera kusakhale koopseza. Ana, makolo ndi anthu oyandikana ndi sukulu auzidwiretu tsiku lake, apo ayi mphekesera idzafika kumsika kuti kusukulu kwagwa zoopsa, ndipo chipwirikiti chomwe mumapewa mudzachiyambitsa nokha. Pasakhale munthu wovala ngati chigawenga, wogogoda zitseko mwaukali kapena wophulitsa makombola. Kwa ana ang'onoang'ono n'kokwanira kunena kuti, "Tikuphunzira kukhala bwino m'kalasi ngati kunja kwabwera galu wolusa." Kumbukirani kuti m'makalasi a ku Chilobwe ndi Soche muli ana omwe anataya makolo ndi abale pa Freddy, ndipo ena mwa iwo mtima umagunda mvula ikangoyamba kugwa padenga. Ana otere auzidwe mwapadera, akhale pafupi ndi aphunzitsi, ndipo asasekedwe akalira.

Mwana woyenda pa njinga ya olumala, wosamva, wosaona, wakhunyu kapena wachialubino akhale ndi munthu wamkulu wodziwika womuyang'anira, komanso anzake awiri omuthandiza. Wosamva belu salimva, choncho pakhale chizindikiro cha manja kapena nsalu yofiira.

Mukatha kuyeserera khalani pansi mphindi zochepa. Zinatenga nthawi yaitali bwanji? Ndi kalasi iti yomwe sinamve? Ndi chitseko chiti chinakanika? Zilembedwe m'kope, pamodzi ndi dzina la wokonza ndi tsiku lomwe adzakhale atakonza. Kuyeserera komwe kwaulula zolakwika ndiko kwaphindu.

Ntchito ya pakhomo

Mwana adziwe pamtima dzina lake lonse, dzina lenileni la kholo, osati "amake Chisomo" chabe, dera lomwe amakhala ndi chizindikiro chapafupi, komanso nambala imodzi ya foni. Muziloweza naye madzulo podikira nsima mpaka aziinena osaganiza.

Dulani kachidutswa ka katoni, mulembepo ndi bolopeni dzina la mwana, kalasi, manambala a anthu awiri, ndi matenda omwe ali nawo monga mphumu, khunyu kapena shuga. Kalowetseni m'kapepala ka pulasitiki ka shuga, mumange bwino kuti madzi asalowe, ndipo mukasokerere m'kathumba ka m'kati mwa chikwama. Musalembe dzina la mwana kunja kwa chikwama, chifukwa munthu wachilendo akamuitana ndi dzina mwana amaganiza kuti ndi wodziwika. Mukasintha nambala, kauzeni aphunzitsi sabata yomweyo. Makaundula ambiri a sukulu ali ndi manambala omwe anasiya kugwira ntchito kalekale.

Sankhani anthu awiri kapena atatu omwe angakatenge mwana inu mutalephera, ndipo mayina awo akhale kusukulu. Ngati mwana amayenda pa kabaza, aphunzitsi amudziwe wakabazayo. Mwana adziwe kuti sapita ndi munthu wina aliyense, ngakhale atanena kuti "amayi ako ali kuchipatala cha Queens, andituma". Gwirizanani mawu achinsinsi a banja lanu omwe wotumidwa weniweni ayenera kutchula.

Yendani naye njira ya kusukulu tsiku lina Loweruka. Muonetseni powolokera pabwino, ngalande zakuya, mawaya ogwa omwe sayenera kukhudza, ndi nyumba kapena golosale ya munthu wodalirika momwe angathawire. Ana a nyumba zoyandikana aziyendera limodzi. Ngati muli ndi ana angapo pasukulu imodzi, auzeni kuti tsiku la ngozi aliyense akhale ndi kalasi yake. Mkulu akatuluka kukasaka mng'ono wake, aphunzitsi amakhala ndi ana awiri osowa m'malo mwa mmodzi.

Ana ena amaona zinthu akuluakulu asanazione: mnzawo wabwera ndi mpeni, munthu wina amaima pachipata masiku onse, wina akuopseza mtsikana panjira. Auzeni kuti kunena zotere si ukazitape. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana, ndipo 997 ndi ya apolisi. Sunganinso m'foni nambala ya polisi ya m'dera lanu, ya ahedi, ya mphunzitsi wa kalasi ndi ya ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda wa Blantyre.

Tsiku lomwe zachitikadi

Gawo ili ndi lovuta kwa kholo lililonse, ndipo tikudziwa. Mukamva kuti kusukulu kwavuta, miyendo imanyamuka yokha. Koma makolo mazana akakhamukira pachipata amatseka njira ya apolisi ndi ambulansi, amakakamiza aphunzitsi kutsegula zitseko zomwe zikuteteza ana, ndipo pachipwirikiticho mwana akhoza kutengedwa ndi munthu wolakwika. Wina akangotenga wake osauza aphunzitsi, anthu amataya nthawi kusaka mwana yemwe ali kale kunyumba.

Yambani mwatsimikiza nkhaniyo kwa apampando a komiti kapena kholo lomwe linasankhidwa kulandira uthenga wa kalasi yanu. Musaimbire aphunzitsi mobwerezabwereza, foni yawo ikufunika kuitanira thandizo. Musatumize pa WhatsApp kapena pa Facebook zomwe simunatsimikize, ndipo zithunzi za ana ovulala musazifalitse. Pitani pamalo omwe sukulu inakonza kuti makolo azidikirira, ndipo potenga mwana sainani kapena dindani chala m'kaundula. Munthu woganiziridwa akagwidwa, aperekedwe kupolisi ali wamoyo ndi wosavulazidwa. Za 2017 zija zinatiphunzitsa kuti gulu lokwiya limapha osalakwa, ndipo ana omwe aona munthu akumenyedwa pabwalo la sukulu yawo saiwala.

Madzulo ake mulekeni mwana afotokoze yekha zomwe waona. Ena amakodza pogona, ena amalota zoopsa, ena amakana kupita kusukulu. Musamukalipire. Zikapitirira masabata angapo, lankhulani ndi aphunzitsi ndipo mupite naye kuchipatala cha m'dera lanu.

Zokafunsa kumsonkhano wa makolo

Mu 2023 dziko lino linakhazikitsa lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kulowa m'malo mwa la 1991 lomwe linabwera chaka cha napolo wa ku Phalombe. Lamulo ndi labwino, koma silikhoma chitseko cha Sitandade 3. Okhoma ndi komiti ya sukulu, PTA, amayi a Mother Group, aphunzitsi ndi inu. Mbewa zikachuluka siziika masa, choncho ntchito iliyonse ikhale ndi mwini wake wotchulidwa dzina.

Pamsonkhano wotsatira imikani dzanja mufunse mwaulemu. Kodi sukulu ili ndi dongosolo lolembedwa la ngozi, ndipo lapachikidwa pati? Anayeserera liti komaliza? Ahedi akachokapo, wolamula ndani? Ndi makalasi angati omwe sakhomeka m'kati? Mlendo akafika amayamba waonekera kwa yani? Bokosi la chithandizo choyamba lili ndi chiyani, ndipo ndi aphunzitsi angati omwe anaphunzira kuligwiritsa ntchito? A Malawi Red Cross Society amaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo apolisi a m'dera ndi ozimitsa moto akhoza kuitanidwa kudzaonerera kuyeserera n'kupereka malangizo. Alangizi a zamaphunziro (a PEA) a zoni yanu ndi akhansala adziwitsidwe za makoma ndi madenga omwe komiti singathe kukonza yokha, ndipo muwalembere kalata n'kusunga kope lake.

Aphunzitsi musawafikire ngati olakwa. Munthu mmodzi woyang'anira ana 100 m'chipinda chopanda chitseko akufunika thandizo lanu. Zambiri mwa zomwe tanenazi si zodula: mawenzulo, mipiringidzo, mahinjesi, ndowa za mchenga pafupi ndi khitchini ya phala, tochi, kope la manambala. Pemphani kuti zilowe m'dongosolo la ndalama za SIG zomwe boma limatumiza m'masukulu a pulayimale, ndipo pomwe zaperewera, kalipentala ndi wowotcherera zitsulo ali pakati panu pomwepo. Masukulu omwe si a boma, kuphatikizapo a mkaka omwe ali m'nyumba zogonamo zokhala ndi geti limodzi, afunsidwe mafunso omwewa musanalipire fizi.

Sabata ino chitani zitatu izi: lembani kakatoni ka m'chikwama, yendani ndi mwana wanu njira ya kusukulu, ndipo mukaone ndi maso anu ngati chitseko cha kalasi yake chimakhomeka m'kati. Mukapeza kuti sichikhomeka, kauzeni ahedi ndi apampando a komiti tsiku lomwelo, ndipo mupemphe kuti tsiku loyeserera likhazikitsidwe mvula isanagwe.